Galasi la Layisoni pa Ukwati Wanga

Nkhani iyi ndikamaikamba mtima umawirabe, ngakhale papita zaka zambiri. Amene anandichititsa manyazi pamaso pa komboni yonse ya Madumabisa ndi msuweni wanga Layisoni, ndipo musandiuze zoti ndimukhululukire musanamve zonse.

Kunali ku Wanki, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ine ndinkapereka nyali kwa anthu olowa mumgodi wa malasha, Layisoni ankaphikira mzungu wina wa zamagetsi. Mzunguyo ankakonda kujambula kanema ndi kakamera kopukusa ngati wotchi, ndipo chaka chimenecho anaitanitsa galasi lapadera lomangirira kutsogolo kwa diso la kamerayo. Layisoni, poti ankanyamula chikwama chake, anayamba kudziyesa katswiri.

Ukwati wanga ndi Esitere utayandikira, anabwera ndi nkhani yoti bwana wake wavomera kumubwereka zonse kuti atijambule pa ukwatiwo. Anati filimu yake ndi yopapatiza ngati chingwe cha nsapato, anthu ambiri sakwanamo, koma galasilo limawapanikiza m'mbali monga tinkapanikizirana m'sitima ya ku Bulawayo. Poonetsa, umaika galasi lomwelo kutsogolo kwa makina oonetsera, anthu aja n'kufutukuka kudzaza khoma lonse ngati ku bayisikopo ya azungu. Ndinavomera (munthu wokwatira amavomera chilichonse).

Apongozi anga, a Mwale, anali mkulu wa mpingo, ndipo mowa ankadana nawo kuposa Satana mwini wake. Anandipatsa mwana wawo nditalumbira pamaso pa ankhoswe kuti chikokeyani sindichidziwa ngakhale fungo. Bodza lotere mnyamata aliyense wa ku Wanki akanalinena.

Tsiku la ukwati, titatuluka m'tchalitchi, mnzanga wina wa kumgodi anandikodola ali pansi pa mtengo wa tsanya, chapambali, botolo lili m'jekete. Ine si wopusa, ndinayamba ndafunsa Layisoni ngati kamera ikufika kumeneko. Iye diso lili pa amayi a kwaya amene ankavina pakhomo.

"Pitani, msuweni," anatero osatembenuka. "Kuno ndikujambula amayi okha."

Ndinapita.

Filimu anaitumiza ku Joni kukatsukidwa, ndipo inabwera mu Okutobala, mwezi umene ku Wanki ngakhale mbuzi zimasowa pobisala. Layisoni analengeza m'komboni yonse. Lamlungu masana holo inadzaza, mazenera tinatseka ndi mabulangete, kutsogolo tinapachika nsalu yoyera ya pabedi. Apongozi onse awiri anakhala benchi loyamba, Esitere pambali panga atavala diresi yake yatsopano.

Makina atayamba kulira, panatuluka anthu oonda ngati bango. Ine ndinali ndodo yovala suti. Esitere, mkazi wathupi lake labwino, anaoneka ngati nsungwi yovekedwa velo. Bambo wina wa Chinambiya, mtundu wa komweko, anafunsa mokweza ngati ukwatiwo unachitika chaka cha njala, holo yonse n'kugwa ndi phwete. Apongozi aakazi ananong'oneza amuna awo (kunong'ona koti ndi akumbuyo omwe anamva) kuti mwana wawo sanachoke pakhomo pawo ali chonchi.

Ndinapita kwa Layisoni n'kumufunsa za galasi lija. Analisiya kukhitchini kwa bwana wake, pa shelefu ya mchere. Ndinamuuza kuti akalitenge akuthamanga, apo ayi chibale chithera pomwepo. Anthu anadikira, thukuta likuyenderera, ana akulira, ine ndikuyendayenda kupepesa ngati wolakwa ndine.

Atabwera, ali wefuwefu, analimangirira mothamanga n'kuyambiranso filimu. Koma galasi limeneli lili ndi mbali yake. Ukaliimika molakwika, limakokera anthu kumwamba m'malo mowafutukulira m'mbali. Tinaonda kuposa poyamba. Miyendo ya a Mwale inali pansalu, mutu wawo uli kumalata. Anyamata akumbuyo anayamba kuimba mluzu.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinamukankha Layisoni, ndinamutchula mayina oti sindingawabwereze pano, n'kugwira galasilo ndekha kulipotoza. Ndili pakati polipotoza, anthu onse a pansalu anapendekeka. A Mwale, Baibulo lili kukhwapa, ankatsika masitepe a tchalitchi atapendamira kumanzere ngati munthu wochokera kumowa wa masiku awiri. Mbusa nayenso chimodzimodzi. Amayi ena anagwa pabenchi ndi kuseka.

A Mwale enieniwo anaimirira, natenga chipewa chawo kuti azipita. Apa mpamene ndimadzida ndikakumbuka. Akanapita, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinathamanga, ndinagwada, ndinawapempha kuti akhale pansi, kuti ndikonza ndekha aone ukwati wa mwana wawo mwaulemu. Anakhala.

Ndinabwerera kumakina, ndinapotoza pang'onopang'ono mpaka chitseko cha tchalitchi chinaima chilili. Abale anga, chinthu chija chinakongola. Chithunzi chinafutukuka, chinadutsa nsalu n'kufika pakhoma mbali zonse ziwiri. Esitere anabwerera m'thupi lake, akumwetulira, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinayang'ana Layisoni monyada, kuti aone mmene amuna amagwirira ntchito.

Kenaka panabwera amayi a kwaya akuvina pakhomo. Kumanja kwenikweni, kunja kwa nsalu, pakhoma loyera, panaoneka mtengo wa tsanya. Poyamba paja malo amenewa anali kamzere koti palibe anakalabadira. Tsopano pansi pa mtengowo panaima munthu wonenepa bwino, wa magolovesi oyera ndi duwa pajekete, mutu atapendeketsa kumbuyo, botolo lili kukamwa. Anamwa mosafulumira. Atatha anapukuta pakamwa ndi golovesi, n'kubwerezanso.



"Layisoni," anatero a Mwale mofatsa, "tabweza pamenepo, mwana wanga."

Ndipo galu ameneyu anabweza. Anabweza mosamala, mwaluso limene sanalionetse tsiku lonselo.

 A Mwale anauza Esitere kuti akatenge zovala zake, ndipo madzulo omwewo anagona kwa makolo ake. Anthu atatuluka ndinamufunsa Layisoni za mawu ake aja oti akujambula amayi okha. Anati iye m'kadiso ka kamera ankaonadi amayi okha, zam'mbalizo ndi galasi linatola lokha, ndipo ndi ntchito yake imene anandiuza kale. Anawonjeza kuti amene analiwongola ndine. Ndinamuthamangitsa ndi mpando mpaka kunjanji.

Ankhoswe anayenda uku ndi uku mpaka mvula inagwa. Ndinaimitsidwa kutsogolo kwa mpingo kuulula tchimo limene aliyense anali ataliona kale kawiri. Esitere anabwerera, koma iye za botolo analibe nazo kanthu. Chimene chinkamuwawa n'chakuti amayi a kumpopi anamupatsa dzina loti Nansungwi, ndipo ndinalilipira dzinalo ndi nkhope yake yokwinya kwa miyezi.

Mwina mukuganiza kuti Layisoni analandira chilango chake. Ayi ndithu. A Mwale analikonda galasilo. Anauza akulu anzawo kuti chipangizo chotere n'chothandiza pa ntchito ya Mulungu, ndipo kuyambira pamenepo ukwati uliwonse wa mumpingo, Layisoni ankaitanidwa mwaulemu ndi kamera ya bwana wake, n'kupatsidwa nyama ya pachifuwa. Anyamata ambiri anagwidwa nalo. Ndipo poti Layisoni sanaphunzire konse kuliimika bwino, tsiku loonetsa ankatuma mwana kudzaitana ine. Ndinkapita, chifukwa apongozi sakanizidwa, n'kukawongolera anzanga tsoka lawo ndi manja angawa.