Kapitawo wa Pamkono

Lolemba

Tadala, mwana wanga amene ndi namwino ku Blantyre, wandisiya ndi kawotchi pamkono. Wotchi yopanda nthawi! Akuti kamayeza thukuta. M'thupi mukachepa madzi kamalira, kenako n'kukandinenera pa foni yake. Ndakatcha Kapitawo.

Chigamulo cha Tadala: "Bambo, mwagwa kawiri m'munda chifukwa chosamwa madzi. Kakamalira sabata yonseyi, Lamulungu ndidzakutengani muzikakhala kwathu."

Ndisiye nyumba imene tinaumbira njerwa ndi Nambewe, malemu mkazi wanga? Ndisiye manachesi amene anabzala ndi manja ake? Ayi ndithu.

Dongosolo:
1. Makapu asanu ndi atatu patsiku.
2. Kapitawo asatsegule pakamwa.
3. Ndifere konkuno.

Lachiwiri

Makapu atatu. Yachinayi ikukana kutsika. Madzi a mu ndowa ya pulasitiki, ofunda, akununkha sopo.

Zoona zake n'zakuti zaka makumi anayi sindinadzitungirepo madzi akumwa. Ndikangotula khasu, Nambewe wafika kale ndi chikho. Madzi a mumtsuko, ozizira mpaka mano kuwawa, ndi kafungo ka dothi. "Imwani, musandiumire pakhomo." Ludzu langa ankalimva ndi iyeyo. Mtsukowo uli pangodya, wovundikira, sindinaukhudze chimwalirire mwini wake.

Kapitawo walira kanayi.

Lachitatu

Maliro ku Dambe. Dzuwa lili pamutu, abusa akupemphera, anthu onse zii. Pii! Pii! Pii! Ndikubisa mkono m'khwapa, akulirabe. Mayi wina kumbuyo: "Zimitsani foni, agogo!"

Kodi munthu wamkulu angadzuke kumanda n'kumapempha madzi? Ndikupirira. Ndafika pakhomo nditauma ngati mlamba wowamba wa ku Matope.

Lachinayi

Nzeru zabwera! A Kamwendo, mnzanga wa ku ubwana, amamwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Munthu wotere m'thupi mwake mungaume? Ndawamanga Kapitawo, anyadira, akuti akaonetsa anzawo kumsika.

Masana foni. Tadala: "Bambo, kakuonetsa kuti mwatsala pang'ono kukomoka! Nanga kumsikako mukutani?"

Kani kachasu si madzi. Ndanama kuti ndinakagula mchere, kenako ndakamulanda Kapitawo kwa a Kamwendo. Ndili ndi manyazi.

Lachisanu

Ndaganiza bwino. Wofuna madzi ndi Kapitawo, si ine. Ndamuvula, ndamuviika mu ndowa, amwe mpaka akhute.

Mtendere! Ndili pansi pa mtengo wa manachesi, pomwe Nambewe ankasendera zipatso n'kumandipatsa zowawasa zokhazokha, zotsekemera akusungira ana.

Kenako njinga pabwalo. Mlangizi wa zaumoyo, thukuta kamukamu. Wamutuma ndi Tadala. Akuti kawotchi sikakumva kugunda kwa mtima wanga chiyambire m'mawa. Wandipeza ndikudya mbatata. Wasuzumira mu ndowa, waseka mpaka kutsamira chipupa. "Agogo, madziwo ndi anu, si ake."

Tadala sanaimbe. Zikundiopsa kuposa kukalipa.

Loweruka

Nzeru zatha. Ndavundukula mtsuko. M'katimo muli kangaude, ndi chikho chake chija, chosweka pang'ono pamlomo.

Ndautsuka. Ndapita ndekha kumjigo, amayi akundipatsa mpata uku akubisa kuseka m'zitenje. Ndadzaza mtsuko, ndadikira kuti madzi azizire.

Chikho choyamba. Chachiwiri. Kukoma komwe kuja, kafungo komwe kaja. Ndalira, sindibisa. Ndamusowa mkazi wanga. Chachitatu, chachinayi, ndasiya kuwerenga.

Kapitawo zii tsiku lonse, ali pamkono pomwepa!

Lamulungu

Galimoto ili pabwalo. Ndikuonetsa Tadala za dzulo ngati mwana wa sukulu amene wakhoza phunziro limodzi lokha.

"Tsiku limodzi, bambo. Lachisanu ine ndinakulirani maliro kuntchito."

Mwanayu waonda, ndipo womuondetsa ndine. Basi, ndikupita. Makiyi ndasiya kwa a Kamwendo, azithirira manachesi. Ndatsindika kuti ndi madzi.

Zonyamula:
jekete
Baibulo
khasu (lakanidwa)
mtsuko (wakanidwa, akuti kwawo kuli firiji)

Sindikutsutsa. Ndangotunga chikho chimodzi n'kumupatsa. Wamwa. Wayang'ana pangodya paja.

"Ngati a mayi," watero.

Wachotsa chikwama chake pampando wakutsogolo. Msewu wathuwu ndi wa mabampu, ndiye mtsuko waukulunga m'chitenje, waumanga lamba.

Nambewe akhala kutsogolo. Ine kumbuyo, ndi Kapitawo.