Ndinangopempha Nsomba Imodzi

Lolemba

Ndabwerako ku maphunziro a aphunzitsi ku Salima boma, mutu uli wodzaza nzeru zatsopano. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: mwana amamva msanga chimene wachiona ndi maso ndi kuchigwira ndi manja. Zongolankhula uli chilili pa bolodi zatha ntchito. Mphunzitsi agwiritse ntchito zinthu zimene zili pafupi ndi sukulu.

Nzeruzi zandipeza pa nthawi yake. M'mawa uno ahedi athu, a Nkhoma, alengeza kuti Lachisanu kukubwera alangizi a maphunziro kudzaonerera mmene timaphunzitsira. Awonjezanso kuti Mayi Gondwe a Sitandade 1 akupita kutchuthi cha uchembere, ndipo amene alangizi sakhutira naye ndiye alowe m'malo mwao. Akunena zimenezi maso ali pa ine.

Sitandade 1 ndi pansi pa mtengo wa mango. Denga palibe, khoma palibe, bolodi amachita kutsamiritsa ku mtengo, ana ake ndi osawerengeka ndipo theka la iwo limakhala likulira. Ine ndili ndi Sitandade 5: malata, madesiki, chitseko chotsekeka. Chipinda chimenechi sindichisiya, zivute zitani.

Phunziro langa la Lachisanu ndi ziwalo za nsomba. Sukulu yathu ili kufupi ndi Chipoka, nyanja imaonekera pawindo, koma ine mwana wa ku Dedza chibwerere kuno ndimaphunzitsa nsomba ya m'buku. Manyazi ake! Ndauza ana kuti amene angathe abwere mawa ndi nsomba imodzi, tiyambiretu kuyeserera. Imodzi. Ndachita kukweza chala kuti aone.

Lachiwiri

Mayo ine!

Zimene ndapeza m'kalasi mwanga:
utaka, mabeseni ndi mabeseni
usipa wauwisi, wina m'ndowa, wina m'chitenje
kampango wamkulu ngati mwendo wa ahedi
chambo, chimene ine ndimangochiona pa Khirisimasi
mlamba wamoyo

Wamoyo! Sindimadziwa kuti nsomba imatha kutuluka m'ndowa n'kuyamba ulendo. Ikuyenda ndi mimba pansi pa madesiki, ana akuithamangitsa, ine ndakwera pa mpando ndi choko m'manja. Sindinatsike mpaka ataigwira.

Ndafunsa Esinati, mtsikana wofatsa wa pa desiki yakutsogolo, chifukwa chake wasenza beseni lonse. Akuti mayi ake anena kuti: “Mwana wa msodzi alowe pasukulu ndi kansomba kamodzi m'manja? Anthu aziti bambo ako bwato linamira.” Ena onse akuvomereza ndi mitu. Kuno munthu akapempha nsomba imodzi ndiye kuti akungolankhula mwaulemu.

Phunziro silinachitike. Nthawi yonse yathera pa mkangano wakuti nsomba ya bambo a ndani ndiyo yaikulu.

Madzulo ndatsala ndi mulu wa mabeseni. Kwathu amayi anandilera kuti mbale ya mnzako ikabwera ndi kanthu sumaibweza yopanda kanthu, n'kupanda mwambo. Mwamwayi ndili ndi thumba la mbatata ya kachewere limene amayi omwewo ananditumizira pa minibasi kuti lindifikitse kumapeto a teremu. Ndaikamo pang'onopang'ono m'beseni lililonse, ana atengere kwao. Ndagona mtima uli m'malo, nkhani yatha mwaulemu.

Lachitatu

Siinathe!

Mabeseni abweranso, ndipo abwera ndi anzao. Kachewere kuno n'chinthu chosowa, amangomuonera pa chiwaya cha tchipisi. Mbiri yafika mpaka kudoko kuti Madamu a Sitandade 5 ukawapatsa utaka amabweza mbatata ya ku Dedza.

M'kalasi mulibe poponda. Ana amene anasowa chiyambire teremu abwera onse, osamba bwinobwino, aliyense ndi beseni pamutu. Miyezi yonseyi ndakhala ndikutuma anzao, ndikuyenda khomo ndi khomo, osaphula kanthu. Lero mbatata yawakoka tsiku limodzi. Sindikudziwa ngati ndisangalale kapena ndilire.

Kumbuyo kwakhala bambo wina wa ndevu, maondo akugunda desiki. Akuti analekezera Sitandade 5 kalekale ndipo mtima wamuuza kuti apitirize. Beseni lake waliika pamiyendo.

Ndayesa kuphunzitsa. Ndanyamula utaka umodzi: awa ndi mamba, izi ndi zipsepse, uwu ndi mchira. Kunena zoona, ana akumvetsera kuposa masiku onse, manja ali m'mwamba, mayankho akuchita kulimbirana. Njirayi ndi yabwino ndithu! Koma ndili pakati pa kufotokoza, pawindo patulukira mitu ya amayi atatu, ndipo mmodzi akuti: “Madamu, dzulo kwa anzathu kunapita zikuluzikulu, kwathu timiyala tokhatokha.”

Ndabwezanso mabeseni onse ndi mbatata. Ndikanatani? Thumba lafika m'chiuno.

Lachinayi

Fungo. Lalowa m'makope, mu choko, m'tsitsi langa. Amene abwera lero osalembetsa:
ntchentche za m'boma lonse la Salima
amphaka, akhala pamzere pakhomo ngati akudikira belu
akhwangwala padenga
galu wa alonda, amene wathawa ndi mutu wa kampango mpaka m'kalasi ya Sitandade 7

Amayi ena aona kuti usipa uwonongeka, atulutsa madesiki panja n'kuyanikapo. Madesiki a boma! Akuti matabwa ake ndi osalala bwino kuposa thandala la kudoko.

Ahedi andiitanitsa. “Madamu, pano ndi pasukulu kapena padoko?” Akufunsa chonchi kukhwapa kwao kuli kampango wokulunga m'nyuzipepala, mchira ukusuzumira. Alamula kuti pofika madzulo pasapezeke ngakhale munga wa nsomba pasukulu pano, alangizi asadzaone zonyansa.

Sindinaonepo aphunzitsi anzanga akumvera lamulo mwachangu chotere. Aliyense watulukira ndi jumbo. Amene amati msana umawavuta ndiwo anyamula ndowa.

Ndaima kutsogolo kwa kalasi nkhope ili gwa, ndanena katatu kuti mawa ndisaone munthu ndi nsomba, ngakhale kausipa kamodzi, ndipo wobwera ndi beseni abwerera nalo pageti. Bambo wa ndevu wanyamuka pomwepo, akuti sukulu aiganizirabe.

Takolopa ndi sopo mpaka manja kutuwa. Mbatata yomaliza yapita. Thumba ndalikutumula, mwangotuluka dothi la ku Dedza.

Koma ndine wochenjera. Ndapatula chambo chimodzi chokongola, cha mamba ake onse ndi zipsepse zoima bwino. Ndachivindikira m'mbale m'khitchini imene timagwiritsa limodzi ndi a neba anga, Mayi Banda. Mawa alangizi aona okha mphunzitsi wamakono.

Lachisanu



M'mawa ndavundukula mbale. Chambo changa chili m'zidutswa, chopala, chokazinga, chothira mchere ndi tsabola. Mamba palibe. Zipsepse palibe. Mayi Banda aima pakhomo akumwetulira: “Ndinaona kuti mwatopa, Madamu. Kuno nsomba sigona yaiwisi, ikanakuwonongekerani. Musavutike n'kuthokoza.”

Ndathokoza. Ndathokoza ndithu, mawu akutuluka okha.

Ndathamangira kudoko ndi nsapato za ku tchalitchi. Kukuwomba mwera, mphepo yoopsa ija, mafunde ali ngati nyumba, mabwato onse ali pamtunda. Palibe amene analowa m'madzi. Asodzi angokhala akusoka maukonde, ndipo mmodzi akundifunsa ngati mbatata ikadalipo.

Ndafika m'kalasi thukuta lili kamukamu. Ana amvera lamulo langa onse, kwa nthawi yoyamba chibwerere ine pasukulu pano. Manja ali mbee. Alangizi akhala kumbuyo, mayi wa magalasi wosaseka, ahedi pambali pao.

Ndatenga choko kuti ndijambule nsomba. Ine kujambula sindinapatsidwe. Ndazunguliza chinthu chotupa pakati, ndaikapo diso, ndawonjeza timadontho kuti tikhale mamba. Ndisanamalize mchira, alangizi adzuka, akuti akufuna aone ngati ana akutsatira. Aloza pa bolodi n'kufunsa kuti ichi n'chiyani.

Manja onse m'mwamba. Onse! Ndipo kalasi yonse, ndi mawu amodzi okoma ngati kwaya: “Kachewere!”

Ndatembenuka kuyang'ana chojambula changa. Ana sananame.

Pomaliza alangizi andiitanira pambali, akulankhula mofatsa ngati akupepesa maliro. “Madamu, nyanja si iyo pawindopo? Simukanangopempha ana kuti akubweretsereni nsomba imodzi?”

Ndayang'ana ahedi kuti anene kanthu. Ahedi akuwerenga malata a denga, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

Loweruka

Mwera waleka. Nyanja ili bata ngati sinalakwe kanthu. Usipa wadzadza doko lonse, mpaka amphaka akuuponda osaununkhiza.

Ahedi adutsa pakhomo, akuti amangoyenda. Ayamba ndi kuyamikira kuti alangizi anadabwa ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi mwanga, sanaonepo zotere m'dera lonse lino. Ndiye agwirizana kuti mphunzitsi wodziwa kukoka ana chonchi ndi amene akufunika ku Sitandade 1. Kuyambira Lolemba. Kiyi wa chipinda ndikasiye mu ofesi.

Pochoka afunsa ngati amayi ku Dedza atumizenso thumba lina posachedwa.

Ndakhala pakhonde ndikuyang'ana mtengo wa mango. Uli ndi nyerere zofiira. Sindinaziganizire n'komwe nyererezo.

Lamulungu

Ku tchalitchi anthu andipatsa malo aakulu pa benchi. Ndimayesa ulemu, kenako ndanunkhiza chitenje changa.

Potuluka andipeza amake Esinati. Amva zonse, mudzi wonse wamva. Akuti mwana wao Lachitatu anafika kunyumba n'kukhazika pansi bambo ake, msodzi wa zaka zonsezi, kuwaonetsa dzina la chiwalo chilichonse cha utaka, ndipo usiku wa Loweruka mwanayo sanadye pomva kuti Madamu achoka m'kalasi mwao. Chipinda chija ndimachikonda chifukwa cha denga, sindimadziwa kuti ndidzasowanso amene amakhala pansi pake.

Masana atumiza beseni. Muli chambo chimodzi chokha, chathunthu, mamba ake onse ali phuliphuli. Nsomba imene ndinapempha Lolemba yafika lero.

Ndilibe chobweza. Ndafufuza nyumba yonse, ndaikamo choko ndi pensulo yatsopano ya Esinati. Amayi anga akanaona akanagwira pakamwa, koma beseni silinapite lopanda kanthu.

Ndatsegula buku la Sitandade 1 kukonzekera za mawa. Phunziro loyamba ndi kuwerengera, ndipo bukulo likulangiza kuti mphunzitsi auze ana abwere ndi miyala kuchokera kunyumba.

Ndatseka buku. Ndatenga thumba lija la mbatata. Miyalayo ndikatola ndekha.