Tsiku limene kapinga wa Dona anandilavulira

Ndinatuluka m'nyumba ufa uli m'kambale, ndinabwerera ufawo uli kumaso. Mpaka lero ku Chiwanga kuli anthu amene amalumbira kuti m'masiku a Apwitikizi kunaoneka mzukwa pa kapinga wa mzungu, woyera nkhope, wotambasula manja. Akamafotokoza ine ndimangoti, "Eee, zoopsa ndithu." Mzukwawo ndinali ine.

Nkhondo itayamba kumapiri a ku Maniamba, boma linatichotsa pamalo athu n'kutiunjika pamodzi ngati usipa pathandala. Pamtunda pathu pakale, poyang'ana nyanja, panamanga nyumba Mpwitikizi wina wasitolo. Mkazi wake, amene tinkangomutchula kuti Dona, anadzala kapinga kuzungulira nyumba yonse. (Udzu woumwetsa madzi, woumeta ngati mwana, koma mbuzi ikangounyambita mwini wake akwapulidwa. Zimenezi sindinazimvetse ndipo ndidzafa ndisanazimvetse.)

Pakona pa kapingayo panali mtengo wa mango, ndipo pansi pake panagona mwana wanga woyamba. Anabadwa osalira. Kwathu mwana wotere timati nthayo. Samulira maliro, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale bambo wake, sauzidwa pamene waikidwa. Amakamuika amayi achikulire okha, m'kadzenje kosaya, chifukwa mukamuika pakuya mwatseka mimba ya mayi wake. Malo akewo akasokonezedwa amakwiya, ndiye abale ake am'mbuyo sawatsegulira njira.

Mvula zinkabwera n'kupita, ine mimba ayi. Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, sankanong'ona n'komwe. "Achimwene," ankatero ine ndili pomwepo, "bwato ili mukungolimata phula chaka ndi chaka, koma nsomba silitula. Mabwato atha kugombe?"

N'chifukwa chake ndinalowa ganyu wothirira kapinga wa Dona. Tinkasenza ndowa kuchokera kunyanja kukwera nazo mtunda, khosi kuchita kulira. Anzanga ankadandaula, koma ine ndinali ndi changa: ndowa yomaliza ndinkakathira pansi pa mango, pang'onopang'ono, ngati ndikusambitsa munthu.

Tsiku lina kunabwera a Saide, fundi wa ku Nkholongue amene anaphunzira za mainjini ku mabwato a ku Metangula. Anabwera ndi amuna a makasu komanso mitolo ya mapaipi akuda. Ife otunga madzi tinauzidwa kuti basi, tisabwerenso, udzu uzimwa wokha. Anzanga anapita akutukwana. Ine ndinatsala kumpanda.

Amunawo anayamba kusenda kapinga n'kukumba timigula. Tating'ono, tosaya, kufika m'chigongono basi, muyeso womwewo wa kadzenje kaja. Ankagonekamo zinthu zazitali zakudazo n'kukwirira mwakachetechete. Ndiye ndinaona kamgula kamodzi kakukwawa kulunjika ku mango.

"A fundi," ndinaitana, "mukukwirira chiyani?"

"Mvula, mlongo wanga. Mzungu watopa kudikira ya Mulungu."

"Nanga pansi pa mango apo? Pamthunzi udzu sumva ludzu."

"Dona akufuna paliponse. Bwanji, munabisapo mwamuna wachiwiri?"

Amuna aja anaseka, inenso ndinaseka ndi mano okha. Ndikanati chiyani? Kuwaletsa kunali kuwauza malowo, ndipo kuwauza malowo kunali kuswa mwambo womwe ndinkafuna kuuteteza. Ndinangoona makasu akulowa mumthunzi muja. Pofika madzulo anali atabwezera kapinga yense, kumupondaponda, moti panalibe chipsera ngakhale chimodzi. Chimene chinandiimitsa tsitsi n'chimenecho: nthaka yong'ambidwa masana, madzulo n'kumaoneka ngati sikudziwa kanthu. Popita kunyumba bere lakumanzere linayamba kundiyabwa.

Ndinakagwada kwa azakhali a Egenesi, amene anamuika mwanayo ndi manja awo. Anali mayi woimba kwambiri kutchalitchi, koma zakale sanazitaye.

"Amuna? Ndi makasu?" anafunsa. Kenako anati, "Tikapepese. A padiri asamve. Tenga ufa."

"Wa mapira palibe, azakhali. Ndili ndi wa kondowole basi."

"Ndi mwana wa kunyanja ameneyo, sasankha."

Iwo anati atenga chikho cha madzi. Mukudziwa kuti kwathu munthu ukamulakwira, sakhululuka ndi mawu okha. Amavumata madzi n'kukupemerera, pfuu, mkwiyo n'kutuluka ndi madziwo. "Uyu pakamwa pake sanatsegulepo," anatero azakhali, "ndiye iwe ukatha kupepesa, ndidzapemerera ine m'malo mwake."

Tinalawirira m'bandakucha, nkhungu itakuta nyanja n'kukwera mpaka kumtunda. Pakhonde la mzungu pankalondera sipayo, msilikali wachikuda wa boma, wodziwika ndi dzanja lolemera. Tinamuona ali khale pampando, mfuti pamiyendo, mutu uli lende. Tinalowa pobooka pa mpanda, paja pankalowa agalu. Kunalibe mbalame, kunalibe tambala. Kumunsi kugombe kokha kunkamveka kainjini kakuguguda, ndipo tinangoti ndi bwato la asilikali, poti ankayendayenda nthawi iliyonse.

Tinagwada pansi pa mango. Popapasa udzu, chala changa chinagwa m'kadzenje kozungulira, m'kati muli kanthu kolimba, kozizira. Ndinati ndi mwala umene azakhali anaikapo chizindikiro. (Sindinawafunse. Ndikanawafunsa bwenzi nkhani ino kulibe.) Ndinathira ufa wonse pomwepo mpaka kupanga kachulu. Azakhali anavumata madzi, masaya tuu, kudikira. Ine ndinaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ndine amayi ako. Amuna aja sindinawatume ine. Madzi sindinasiye dala kukubweretsera, anatichotsa ntchito. Usandikwiyire. Tsegulira ang'ono ako njira, bambo ako angandisiye."

Pamenepo nthaka inapuma.

Ndikunena zoona, ndinaimva m'maondo muno. Pansi panga panadutsa kulira ngati kwa m'mimba mwa munthu wanjala, kuchokera kumunsi kukwera kudza kwa ife. Kenako kampweya, fyooo, kutuluka m'kati mwa ufa. Ndinacheukira azakhali. Maso anali atawatuzula, koma kulankhula sakanatha, madzi ali m'kamwa.

Kachulu ka ufa kanagwedezeka. Kanang'ambika pamwamba. Ndipo pang'onopang'ono panatuluka kamutu, koyera mbuu, kali ndi kakhosi kake, n'kuima kundiyang'ana. Kanatsokomola. Katsokomola kakang'ono, kotsamwa, ngati ka khanda limene lamwa mothamanga.

Munthu wanzeru akanathawa. Ine ndinaweramira pafupi n'kunena kuti, "Mwanawe?"

Pfuuu!

Ufa wonse ndi madzi ozizira, kumaso kwanga, m'mphuno, m'kamwa. Azakhali anameza madzi awo ndi mantha, n'kutsamwa, n'kuyamba kundimenya pamsana akulira. "Wakhululuka! Wapemerera yekha! Wakhululuka, mwanawe!"

Ndikanakonda zikanathera pamenepo. Koma kumbuyo kwathu kunamveka fyooo wina. Kumanja fyooo. Kumanzere fyooo. Ndinapukuta diso limodzi n'kuona m'nkhungu muja timitu tikudzuka m'kapinga yense, apa, apo, uko, tonse tikutsokomola, tonse tikulavula.

"Mayo ine, waitana anzake!" anakuwa azakhali. "Ife tinaika mmodzi yekha!"

Mayi wachikulire uja, amene kutchalitchi ankachita kumudzutsa ndi dzanja akagwada, analowa pobooka paja ngati mbewa. Ine ufa wa kondowole unali utagwira kale. Amene munaukandapo mukuudziwa: ukakumana ndi madzi ndi ulimbo. Zikope zinamatana. Ndinathamanga manja ali patsogolo, nsalu yonyowa ikundikulunga miyendo, ndikulira ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ndinkaganiza kuti ndikupita kumpanda. Ndinkapita kukhonde.

Sipayo uja anadzuka n'kuona chinthu choyera nkhope chikutuluka m'nkhungu, pakati pa madzi otumphuka m'nthaka, chikumulunjika. Ndinamva mfuti ikugwa pasimenti, mpando ukugubuduka. "Amayi ine! Sindinali ine! Ananditumiza, ndinangomvera!" Sindikudziwa kuti ankapepesa kwa yani, ndipo sindinaime kuti ndifunse. Iye anathawira kuseri kwa nyumba, ine ndinagunda mpanda, n'kuukwera, n'kugubuduka mpaka kugombe.

Nditasukusula, zikope zitamatuka, ndinaona munthu atanyonyomala pambali pa kainjini kaja, manja ali mafuta okhaokha. Anali a Saide. Paipi imodzi inalowa m'nyanja, ina inakwera mtunda kulunjika kwa Dona. Ndinayang'ana paipi, ndinayang'ana injini, ndinayang'ananso paipi. Manyazi amene anandigwira pamenepo, bola mantha aja.

A fundi anandiyang'ana kuyambira kumutu, kumene kunali kudakali zibuma za phala. "Mlongo wanga," anatero, "ndiye kuti mvula yanga yafika kumtunda?"

"Yafika, a fundi."

"Ndimati ndiyese Dona asanadzuke. Zikomo pondiuza." Anandiponyera kachidutswa ka sopo n'kutembenukira ku injini yawo. Sanafunse chimene ndinkachita kumeneko, ndipo sanauze munthu. Mulungu awagoneke pabwino.

Pofika masana mudzi wonse unali utamva za mzukwa. Sipayo anapempha kuti amusinthe malo. Patapita masiku tinamvanso kuti timitu tonse tikugwira bwino ntchito kupatula ka pansi pa mango: sikanadzukenso. A Saide atakamasula anapeza kadzaza chiphala cholimba ngati mwala, ndiye anangokazula n'kutseka paipi yake, kuuza Dona kuti pamthunzi udzu sumva ludzu.

Ndinapita kwa azakhali nditakonzeka kuwatsegula maso. "Azakhali, zija zinali za mzungu. Ndi mapaipi. Injini ndaiona ndi maso anga, imakoka madzi kunyanja."

Iwo ankasenda chinangwa, sanadzutse n'komwe mutu. "Ufa wadya?"

"Unalowa m'chitsulo, azakhali."

"Wapemerera?"

"Ndi injini imene..."

"Wapemereranso kachiwiri?"

"Ayi."

"Wadya, wanena zake, wagona. Nanga iwe unkafuna alavule ndi chiyani, poti pakamwa pake sanatsegulepo?"

Ndinatola mpeni n'kuyamba kuwathandiza kusenda. Mvula yotsatira isanagwe, fungo la usipa linayamba kundisanzitsa. Mwana atabadwa, alamu anga aja ndi amene anamubereka kumsana pomutulutsa m'chikuta, ndipo za mabwato sanazitchulenso.

Ine ndikudziwa kuti anali mapaipi. Ndafotokoza ndekha apa kuti anali mapaipi. Koma adzukulu akanditengera ku Lichinga, tikamadutsa pa nyumba zazikulu zija pamene timitu timalavula pa kapinga, iwo amalumpha kuthawa kuti zovala zinganyowe. Ine ndimaima. Amandikoka dzanja, "Agogo, anthu akutiyang'ana!" Ndimadikira kaye madontho andikhudze kumaso, ndiye ndimati chapansipansi, "Ndamva, mwanawe," n'kumapitirira.