Chitenje Chanu Chinagwira Ntchito

Kwa Olemekezeka Wapampando,
Komiti Yaikulu Yofunditsa Anthu Onse pa Zaumoyo,
Ku Likulu.

Bwana Wapampando,

Landirani moni wochokera kuno ku minda ya tiyi ku Thyolo, kumene chiperoni chakana kutisiya chaka chino. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a kunyumba, ndipo ngati alipo amene akumva m'thupi, sindikukayika kuti khadi lake la kuchipatala lili m'thumba.

Ine ndine Reinford Namuthuwa. Ndinali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina kuno kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kulemba mayina a othyola tiyi ndi kuyeza madengu awo, mpaka maso anayamba kukana. Sukulu sindinapite nayo patali ngati inu. Ndimangokonda kuwerenga chilichonse chimene chandipeza: mabuku a ku mishoni, nyuzipepala zokulungira usipa, ngakhale timapepala ta m'mabokosi a mankhwala. N'chifukwa chake bilu yanu ya inshuwalansi ya zaumoyo ndaiwerenga yonse, masamba 214, kawiri konse. Nthawi ndili nayo tsopano. Akazi anga, a Sellah, tinawaika m'manda Lamulungu pa 20 Julaye, ndipo m'nyumba muno mulibenso wondilanda pepala kuti ndikathirire mpiru ku dimba.

Anzanga a kutchalitchi akuti ndilembe kalata yodandaula. Ndawakanira. Munthu amene walandira zambiri chonchi kuchokera ku komiti yanu ayenera kuthokoza, ndipo ndithokoza mwadongosolo, monga munthu amene anali kalaliki.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chitenje.

Mwina mwaiwala, poti mumayenda malo ambiri. Mwezi wa Malichi munabwera pa bwalo la sukulu cha ku Kapichi ndi magalimoto asanu ndi awiri kudzamva maganizo athu. Munalankhula maola awiri, ife tinafunsa mafunso atatu, kenako mvula inakuthandizani. Koma musanakwere galimoto, mayi amene ankamasulira Chingerezi chanu anatifotokozera bwino. Anati inshuwalansi ili ngati chofunda: ukadwala chimakufunditsa, ndipo cholinga cha boma n'chakuti pasapezeke munthu wogona pambalambanda. Atatero anatsegula mabelo n'kuyamba kugawa zitenje zobiriwira zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zoyera kuti ALIYENSE AFUNDE.

A Sellah anajomba ku munda wa tiyi tsiku limenelo kuti adzakumveni. Anaima pamzere mvula ikuwagwa, ndipo analandira chimodzi. Atafika kunyumba ndinawauza kuti achivale mawa lake, anzawo akaone. Anandiseka. Anati chinthu cha boma sapita nacho ku mame, achisunga mu sutikesi mpaka tsiku lokalandira makhadi a inshuwalansi, adzakavine nacho.

Chachiwiri, zikomo kuti simunatiiwale m'bilu yanu.

Ena kuno akunena kuti anthu a sizoni mulibemo. Ndi bodza, ndawatsutsa. Tilimo, pa tsamba 87, pansi penipeni, m'tizilembo tating'ono timene ndinachita kubwereka magalasi a mkulu wa mpingo kuti nditione. Palembedwa kuti: ogwira ntchito ya nyengo adzaganiziridwa m'tsogolo. Gawo loyamba ndi la a m'boma ndi a pemanenti. Gawo lachiwiri ndi la eni mabizinesi olembetsa. Gawo lachitatu ndi la ena onse, ndipo chaka chake mwachisiya chosalemba, mwina kuti tidzasangalale chikadzatidzidzimutsa.

Poti mwalonjeza kudzatiganizira, ndiloleni ndikuthandizeni podziwiratu chimene mudzaganizire. Mvula ikagwa mu Disembala tiyi amaphuka, esiteti imalemba anthu ambirimbiri, aliyense n'kupatsidwa nambala. Nambala imeneyo ndiyo imatsegula chitseko cha kiliniki ya esiteti. Epulo akatha masamba amachepa, kalaliki amatenga rula ndi cholembera chofiira n'kudula mayina. Disembala wotsatira munthu yemweyo amalembedwanso ngati mlendo amene sanamuonepo. A Sellah analembedwa ngati mlendo maulendo makumi awiri ndi awiri. Mwa maulendo amenewo, khumi ndi anayi dzina lawo ndinalidula ndine, ndi dzanja lomwe likulemba kalata ino. Ndinkawongola rula bwinobwino kuti mzere ukhale wokongola. Madzulo ake ankanditengera madzi osamba monga mwa masiku onse.

A Sellah anali ndi matenda othamanga magazi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo kiliniki inkawapatsa mapiritsi mwezi ndi mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Novembala matendawo ankayenera kudziwa okha kuti sizoni yatha, apume. Ndikupepesa m'malo mwawo, Bwana. Anali matenda osaphunzira.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha kalembera, amene munamuchita kawiri kuti pasakhale wotsala.

Mu Febuluwale kunabwera achinyamata a mabuku akuluakulu kudzalemba ovutikitsitsa, amene boma lidzawalipirire inshuwalansi. Anawapeza a Sellah ali ndi dengu kumsana, ndipo analemba moona mtima kuti ali pa ntchito, si ovutikitsitsa. Mu Juni munatumiza kalata ku maesiteti kuti apereke mayina a antchito awo. Esiteti nayo inayankha moona mtima, ndipo dzina la a Sellah linalibemo, poti rula inali itadutsa kale. Palibe amene ananama. Munthu mmodzi, m'chaka chimodzi, anakwanitsa kusakhala wosauka komanso kusakhala wantchito. Ndinakhala nawo pabanja zaka makumi atatu ndi chimodzi osadziwa kuti ndinakwatira munthu wa luso lotere.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mtsutso umene mwatisangalatsa nawo pa wailesi.

Tinkaumvetsera tonse awiri pakhonde. A mbali ya boma akuti thumba la inshuwalansi lidzazidwe podula malipiro a antchito. A mbali yotsutsa akuti ayi, msonkho ukhale pa mayunitsi a foni. Ine ndimasunga nyuzipepala zakale, ndipo ndapeza kuti zaka zingapo zapitazo, pamene mipando inali mosinthana, a mayunitsi ndiwo ankati malipiro, a malipiro ankati mayunitsi. Sindikuwadzudzula. Zikuonetsa kuti maganizo amatsala pa mpando munthu akanyamuka, zimene zimachepetsa katundu posamuka. Dokotala wina wa zachuma anati musafulumire, pakufunika kafukufuku wachinayi, poti atatu oyamba anapeza zofanana ndipo zimenezo n'zokayikitsa.

Amene anandigwira mtima ndi olemekezeka ena amene anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kufunsa kuti phokoso lonseli n'lachiyani, popeza amphawi anafunda kale: zipatala za boma n'zaulere. Ndikuwachitira umboni. Mu Meyi tinapita pa chipatala chaching'ono cha boma cha kwathu kuno. Anatilandira ulere. Namwino wake, munthu waulemu kwambiri, anawayeza a Sellah ulere, anagwedeza mutu ulere, n'kulemba dzina la mankhwala m'kabuku kawo ndi zilembo zooneka bwino, osatilipiritsa kanthu. Mankhwala enieniwo ndiwo anali asanafike. Anatilangiza, ulerenso, kuti tikagule ku sitolo ya mankhwala pa Boma.

Tinagula a mwezi umodzi. Mu Juni ndinawapeza a Sellah atakhala pa mphasa ndi mpeni wosendera chinangwa, akudula piritsi lililonse pakati. Nditafunsa, anati akuchita monga a komiti: gawo loyamba lero, gawo lachiwiri mawa. Tinaseka mpaka misozi. Pofika Julaye anali atalowa gawo lachitatu, lija lopanda tsiku.

Pamenepa ndithokozenso chifukwa cha tiyi. Ndamva kuti pa misonkhano yanu ya m'mahotela mumapuma kawiri pa tsiku kuti mumwe tiyi. Ife a Sabata sitimwa tiyi, timangothyola. Choncho zimatilimbitsa mtima kudziwa kuti alipo amene akumumwa m'malo mwathu, ndiponso kuti pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene komiti yanu yakhala ikukumana, masamba ena amene anadutsa m'zala za a Sellah ayenera kuti anafika pa tebulo lanu. Munganene kuti anatenga nawo mbali pa zokambirana.

Chachisanu ndi lipoti. Ndikudziwa kuti mumafuna umboni wa momwe ntchito ikuyendera kumidzi.

Lachisanu pa 18 Julaye, cha m'ma naini koloko m'mawa, a Sellah anagwa ku dimba ali ndi ndowa m'manja. Tinawanyamula mpaka pamsewu. Mwamwayi ambulansi ya esiteti inatulukira, ikuchokera kosiya mabokosi ku kiliniki, yopanda munthu. Woyendetsa wake, a Dixon, timaimba nawo kwaya imodzi. Anaima, anatsika, anafunsa nambala ngakhale ankadziwa yankho, anaimbira foni bwana wawo, anadikira, anaimbanso. Kenako anachotsa chipewa n'kuyamba kulira. Sindiwasungira kanthu a Dixon. Nawonso ali ndi ana, ndipo lamulo limene anatsatira ndi lomwe ine ndinalitumikira ndi rula. Iwo ndiwo anathamanga kukatiitanira njinga yamoto.

Tinawakhazika pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira. M'njira monse ankandilankhula, koma Chichewa chinali chitawathawa, chinatsala Chilomwe cha agogo awo chimene anasiya kulankhula ali mtsikana. Ndinamva mawu ochepa chabe. Ndikuganiza kuti ankafunsa ngati ndatseka chipata cha ku dimba kuti mbuzi zisalowe. Ndinayankha kuti inde. Ndinali ndisanatseke. Anamwalira dzuwa litangopendeka, atagona pa bedi la chipatala, madokotala atayesetsa mbali yawo.

Thupi litafika kunyumba, amayi a Dorika a kumpingo kwathu anafuna nsalu yatsopano yowafunditsa. Anatsegula sutikesi. Pansi pake, chitapindidwa bwinobwino, chikununkhirabe kufakitale, panali chitenje chanu.

Anafunda, Bwana Wapampando. Ndinaona ndi maso anga. Mawu anu anagwera pachifuwa penipeni, moti aliyense wolowa m'nyumba kudzaona nkhope ankayamba wawerenga. Mungalembe m'lipoti lanu kuti ku Thyolo munthu mmodzi wa gawo lachitatu wafunda kale, nthawi yake isanakwane. Ndisabise, mapazi anatsalira kunja pang'ono, poti a Sellah anali aatali. Koma sindikudandaula. Bilu yanu yomwe ikuvomereza pa tsamba 12 kuti n'zosatheka kufunditsa zonse nthawi imodzi.

Ndikanathera pomwepa, koma ndili ndi kapempho kamodzi, ndipo ndikuchita manyazi kukatchula pambuyo pa zabwino zonsezi.

Ndili ndi mwana wamkazi, Hazel. Nayenso ndi wa sizoni, mwamuna wake Limbikani chimodzimodzi. Hazel ndi woyembekezera, mimba yoyamba. Anaima mu Januwale ali ndi nambala, ndipo akuyembekezeka kuchira mu Okutobala alibe nambala, chifukwa mwanayo sanafunse kalendala ya esiteti. Miyendo yatupa moti masilipasi sakulowa. Mutu ukumupweteka masiku ambiri. Namwino uja wamuyeza sabata yatha, wagwedeza mutu monga anagwedezera mu Meyi, ndipo walemba dzina la mankhwala m'kabuku ndi zilembo zake zokongola zija. Dzulo ndinabisa mpeni wosendera chinangwa. Hazel akuganiza kuti ndayamba kuiwalaiwala chifukwa cha maliro, ndipo ndamusiya aganize choncho.

Ndamva kuti bilu yanu ikubwereranso m'nyumba ya malamulo mwezi wamawa. Ndikupempha, ngati sikukhala kukuvutitsani, kuti mutenge timawu tija ta pansi pa tsamba 87, mutikweze m'mwamba, mutikulitse zilembo, ndipo pamene pakuti adzaganiziridwa mulembepo kuti munthu wothyola tiyi ndi munthu chaka chonse, mvula igwe kapena isagwe. Ndi ntchito ya cholembera chimodzi. Ine ndinadula mayina mazanamazana ndi cholembera chimodzi, ndikudziwa kuti sichilemera.

Zimenezi zikakanika, poti ndikumvetsa kuti kafukufuku wachinayi sanathe, ndikupempha mulembere kalata mdzukulu wangayo, pa pepala la komiti, ndi chidindo, kumuuza kuti adikire kaye mpaka Disembala. Ife watikanira. Mwina inu akumverani.

Zikakanikanso zimenezo, musadzivute ndi kuyankha. Ingolamulani wa ku sitolo ya komiti ayang'ane ngati mwatsala chitenje china m'mabelo aja, atitumizire pa minibasi ya ku Limbe, asiye kwa a Dixon. Choyamba chija chinapita ndi mwini wake.

Chikhale chotalikirapo, Bwana. Hazel anatengera amayi ake msinkhu.

Ine wanu wodzichepetsa, amene akudikira kuganiziridwa,

Reinford Namuthuwa,
Kalaliki wopuma,
Gawo Lachitatu, Thyolo.