Kufunila Dailesi ntchito ya manja

Lolemba

Dailesi wafika. Kachikwama kamodzi ndi nkhuku ya mphatso. Ndi mwana wa mlongo wanga Esinati wa ku Msanzala. Mayeso a giledi naini amukana kawili, kachitatu akuti sayesanso.

Vuto ndi ili. Azakhali ake, mlongo wa malemu bambo ake, adutsa pano pa Sondo kuchokela ku Chipata, ndipo afuna kumutenga ku Lusaka akagwile ntchito ya m'nyumba kwa anzawo. Kuchapa, kusesa, kulela ana a eni. Ine ndakana pa foni. Malume ndine, mwana ndi wa kwathu, mawu omaliza ndi anga. Ndalonjeza Esinati kuti tisanafike pa Sondo mwana akhala atapeza pophunzilila ntchito ya manja.

Zoyesa: kusoka, kuluka tsitsi, ngakhale kuwotchelela zitsulo, atsikana a masiku ano akuwotchelela. Sizivuta. Petauke yense amandipatsa moni. Jekete ndasita kale, thumba lake ndi long'ambika koma ndani asuzumila m'thumba la munthu?

Mkazi wanga, amake Yosefe, angoti, "Mwini wake mwamufunsa?" Ndimufunse chiyani? Mwana wakhala pamphasa, maso pansi, ulemu wokhawokha.

Lachiwili

Kumsika kwa amai Lungu, atelala. Makina ali nawo amodzi, amawasamala kuposa mwana.

Kwathu mwana sitimutama pamaso pa anthu. Ukamupeleka kwa mwini ntchito umamuchepetsa, kuti wophunzitsayo amve kuti ulemu wonse ndi wake. Amalume anga pondipeleka kwa akalipentala anati ndine chitsa, ndipo anandilandila tsiku lomwelo. Ndiye nanenso ndavula chipewa.

"Amai, ndabweletsa chitsilu changa. Sichidziwa kanthu. Manja ake ndi oipa, chimene wagwila chimasweka. Mutiumbile ndinu."

Ndalankhula bwino, mpaka ndadzimva ndekha kukoma. Amai Lungu ayang'ana Dailesi, ayang'anitsitsa delesi lake, kenaka atenga chitenje ndi kuphimba makina. Akuti malo ndi ochepa.

Anthu a masiku ano samva kalankhulidwe ka akulu. Pobwelela ndamugulila Dailesi chitumbuwa. Sanadye, wafika nacho m'manja kunyumba.

Lachitatu

Saluni ya Enelesi, mtsikana wa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Lelo za manja sinditchula, ndaphunzilapo mailo kwa amai Lungu. Ndanena za mutu.

"Uyu mukamuuza chinthu m'mawa, dzuwa likafika pamutu waiwala. Koma kwa inu mwina angasinthe."

Sindinaone kuti pampando pali amai ena, mutu wonse uli mbuu ndi mankhwala owongola tsitsi. Atembenuka ndi thaulo m'khosi. "Ameneyo asandiyandikile." Enelesi akundifotokozela mwaulemu kuti mankhwala aja ukawaiwala pamutu pa munthu, tsitsi limatsala m'beseni. "Amalume, mwanena nokha," akutelo.

Inde ndanena ndekha. Koma munthu akati nyumba yanga ndi khola, kodi umabwela ndi mbuzi?

Dailesi wasesa bwalo lonse osatumidwa. Wasesanso pamene anasesa kale.

Lachinayi

Ulendo wa ku tauni ya Nyimba. Kuli kasukulu ka ntchito za manja, amatenga ana amene mabuku awakana. Kusoka, ukalipentala, ulimi wa dimba. Potuluka amake Yosefe andipatsa lamulo limodzi: "Lelo pakamwa mutseke."

Minibasi yodzaza, mwendo wanga uli pansi pa thumba la nshawa la munthu wina. Ndapilila.

Aphunzitsi ndi bambo wofatsa. Sanandiyang'ane n'komwe, afunsa Dailesi. "Iwe ufuna kuphunzila chiyani?" Zii. Nanga mwana ayankha bwanji amalume ake ali pompo? Afunsanso. Zii. Ine ndaluma mlomo, ndayang'ana denga, ndawelenga kalenda ya pakhoma. Manyazi andikwela mpaka m'makutu. Ndangomva pakamwa panga patseguka pokha.

"Chilichonse, bambo. Uyu sasankha, nzelu zosankhila alibe."

Aphunzitsi atseka cholembela. Akuti iwo amatenga mwana amene wanena yekha chimene afuna. Akadziwa, adzabwele, ndipo ngati n'kotheka adzabwele yekha.

Ndagula nthochi pasiteshoni kuti kunyumba ndisafike chimanjamanja. Ndaziiwala m'minibasi. Dailesi anaziona, koma sananene. Ndamufunsa chifukwa, akuti amaopa kulakwitsa.

Lachisanu

Basi, ndasintha njila. Ngati dziko lifuna kutama, titama.

Kwa bambo Mwanza, owotchelela mafelemu a zitseko kuseli kwa msika. "Mwana uyu ndi moto! Kumudzi zitsulo zonse amakonza ndi iye. Kumuphunzitsa n'kungomukumbutsa."

A Mwanza sanatsutse. Atenga chigoba chophimba kumaso ndi ndodo yowotchelela, apatsa Dailesi. Mwana wagwila, waima, kenaka waika pansi pang'onopang'ono ngati mazila. Anyamata a pashopu afa nacho chiseko.

"A Tembo," akutelo a Mwanza, "kumsika akuti munati amaswa zinthu. Kusaluni akuti amaiwala. Lelo ndi moto. Tigwile ziti?"

Tauni ino ndi yaing'ono, Mulungu wanga. Madzulo Dailesi wapita kukatunga madzi kumpopi. Yosefe wabwela kudzandiuza kuti amai a kumeneko akumuitana Dailesi kuti chitsilu cha a Tembo. Dzina limenelo ndapeleka ndine, ndi chipewa m'manja.

Amake Yosefe sanandikalipile. Bola akanandikalipila.

Loweluka

Ndakhala pakhomo, sindinapite kulikonse. Ndilibenso kopita.

Amake Yosefe anatuluka m'mawa ndi dengu ngati opita kukagula matimati. Abwela masana, aika dengu pansi, andiyang'ana. Anali kwa amai Lungu. Akuti delesi lija amai Lungu analiyang'anitsitsa, Dailesi anadula yekha ku chitenje chakale cha amai ake n'kusoka ndi singano ya pamanja. Amai Lungu analiona tsiku lomwe lija, koma anaopa kutsutsa malume pamaso pa mwana, komanso anaopela makina awo. Uthenga wawo: "Abwele Lolemba. Amalume atsale kunyumba."

Sabata yonse ndayenda ndi delesi limenelo pambali panga. Ndimaganiza kuti n'la m'sitolo.

Komabe tapambana! Nkhuku ya mphatso ija yaphedwa. Ndaimbila Esinati, ndamuuza kuti nkhani ndaimaliza monga ndinanenela. Za amake Yosefe sindinatchule, foni inali kudula.

Ndauza Dailesi. Wagwada, wati, "Zikomo amalume," wapita kukachapa. Wachapa zovala za nyumba yonse, ndi jekete yanga yomwe. Ndikuganiza kuti ndi chimwemwe.

Sondo

Pochoka kutchalitchi ndapeza azakhali afika kale, akumwa madzi pakhonde. Kachikwama ka Dailesi kali pafupi ndi mapazi awo, komanga kale.

Ndakhala pampando, ndakonza kukhosi, ndalengeza kuti mwana wapeza malo, ayamba mailo kwa amai Lungu, ku Lusaka sapita. Azakhali angokweza mapewa. Akuti iwo sakakamiza munthu, afunsidwe mwini wake.

Ndiye kwa nthawi yoyamba ndamufunsa. Wagwada patali, maso pansi.

"Ndipita ndi azakhali, amalume. Makina a amai Lungu ndi amodzi, ndingawaswe. Kuchapa ndi kusesa sindingalakwitse."

Ndamuuza kuti zija zinali za ulemu chabe, ndi mmene timalankhulila, inenso ananditcha chitsa. Amake Yosefe amuuza za delesi, amugwila dzanja, amuchondelela.

"Munanena kwa anthu onse, amalume," watelo Dailesi, "ndipo simunali kuseka."

Mawu omaliza ndi anga, ndikanatha kumuletsa. Ndatsegula pakamwa, ndatsekanso. Ndimuletse ndi pakamwa pomwepa?

Tawapelekeza kumseu waukulu. Basi ya ku Lusaka sinachedwe, lelo lokha. Wakhala pawindo, wakweza dzanja pang'ono, ulemu wokhawokha. Mtima ukundiwawa, ndipo palibe wina woti ndimunamizile.

Zotsala: kupepesa kwa amai Lungu mailo, kuimbila Esinati. Foni ndaigwila, ndaibweza, ndaiponya m'thumba la jekete, lija long'ambika limene sabata yonse ndakhala ndikulipewa. Ndadikila kuti igwe pansi. Sinagwe. Ndatembenuza thumba, lasokedwa, timizele ting'onoting'ono towongoka ngati ta makina.

Esinati ndimuimbila mailo.