Mpando Wakumbuyo wa Galimoto ya a Tcheyamani

Pali anthu amene anaulula milandu yawo atamenyedwa, ena atagonekedwa ndi njala. Ine ndinaulula ndili pampando wawofuwofu, popanda wondikhudza ngakhale chala, ndipo amene ndinawaululirawo sankandifunsa kanthu. Ndikamafotokoza nkhaniyi ana anga amaseka mpaka misozi. Ine sindiseka nawo.

Nthawiyo ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kwa Mlolo, kwathu kwenikweni, dimba langa lili chapomwepo ndipo amayi anga ndikuwaona tsiku ndi tsiku. Inali nyengo ya chipani chimodzi, pamene ofesi iliyonse inkapachika chithunzi cha mwini dziko, pamwamba kuposa wotchi. Tsiku lina ndikulimbana ndi mavu, tsache linaphonya mavuwo n'kugunda chithunzi. Chinagwa chafufumimba, galasi n'kung'aluka kuyambira pamphumi mpaka pataye. Anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi. Ndinachikulunga m'nsalu n'kukachibisa pansi pa matiresi anga (musandifunse chifukwa chake, mantha alibe nzeru). Aphunzitsi anzanga ndinawauza kuti chapita ku Blantyre kukaikidwa felemu yatsopano.

Patatha milungu itatu, mu Okotobala, ndinali pamsewu kudikira basi yopita ku boma ku Nsanje, nditavala suti ndi taye monga akuluakulu ankafunira. Dzuwa la kuchigwa mumalidziwa, ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pansi pa mtengo. Mwadzidzidzi panaima galimoto ya a tcheyamani a chipani m'dera lathu. Anaigula kwa mzungu wina wa kuminda ya nzimbe, ndipo inkatchuka chifukwa inali ndi makina ouzira mpweya wozizira m'kati.

"Muli tani, apfundzisi?" anatero a Zuze, dalaivala wawo, m'Chisena. "Kwerani kumbuyoko."

A tcheyamani amenewa sankanyamula munthu, ngakhale mayi wodwala. Nanga lero chifundo achitola kuti? Komabe kukana galimoto ya chipani unali mlandu wina pawokha. Ndinakwera.

Tisanafike patali ndinayamba kumva kutentha kumapazi. Ndinati ndi nsapato. Kenako kunakwera m'miyendo, n'kufika pokhalira. Mpandowo unali wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo buluku langa linamatirira pomwepo. Ndinayang'ana kutsogolo. A tcheyamani anali atamanga mabatani onse a jekete, akusisita m'manja ngati munthu amene ali pa Thyolo mu Juni.

"Kukuzizira bwino, eti aphunzitsi?" anafunsa osacheuka.

"Kwambiri, bwana," ndinayankha, thukuta likudontha pachibwano.

Ndinafufuza chotsegulira zenera mwakachetechete. Panalibe, panangotsala kachitsulo. Mbali inayo chimodzimodzi. Apa ndinayamba kuwerengetsa zinthu. Galimoto imodzi, kutsogolo chisanu, kumbuyo ng'anjo, mazenera osatseguka. Zinthu zotere sizichitika zokha. Ndinakumbukanso mphekesera za zipinda zina za ku Blantyre, kumene ankati munthu amamuwotcha pang'onopang'ono mpaka atayankhula. Ndinati basi, chipindacho achiika matayala n'kunditumizira kwathu konkuno.

A Zuze ankandisuzumira pagalasi kawirikawiri. (Lero ndimadziwa kuti aliyense angasuzumire munthu amene akusungunuka ngati batala, koma tsikulo ndinaona maso a kazitape.)

"Kusukulu zonse zili m'malo mwake?" anafunsanso a tcheyamani.

M'malo mwake! Ndinameza malovu, koma panalibe chomeza.

"Zonse, bwana."

"Zuze, wonjezera pang'ono."

A Zuze anapotokola kabatani. Kutsogolo mphepo inalira, tsitsi la a tcheyamani n'kugwedera. Kwa ine kuno sikunafike ngakhale kamphepo kozimitsa machesi, koma pansi panapitiriza kuyaka. Ndinakweza mapazi, ndinakhalira thako limodzi, ndinasinthira linalo. Ndinayamba kumva fungo la rabala wopsa, ndipo linkachokera ku nsapato zanga. Titadutsa Makhanga ndinaganiza za amayi, ndinaganiza za ana anga, n'kuona kuti ndi bwino kukalowa m'ndende ndili wamoyo kusiyana n'kukafika ku boma nditapsa.

"Bwana, zimitsani, ndinena!" ndinakuwa. "Sichinapite ku Blantyre. Ndinachiswa ndine ndi tsache. Chili pansi pa matiresi anga!"

"Chiyani chimenecho?"

"Chithunzi, bwana. Cha mwini dziko."

Galimoto inaima pakati pa msewu. A tcheyamani anacheuka koyamba chikwerere changa, ndipo ataona mmene ndinalili anatsegula pakamwa. A Zuze anatsika, anatsegula chitseko changa, n'kugwira pansi pomwe panali mapazi anga. Anabweza dzanja msangamsanga. Anagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto.

"Bwana, paipi ya utsi yathyoka, yatsamira chitsulo cha pansi pa mpando. Ndipo mphepo yathu ija kumbuyo kuno nkhabe, imathera kutsogolo komweko. Amayi aja ankanena zoona."

Ndinamva pomwepo kuti akazi a a tcheyamani anali atakana kukwera galimotoyo kwa mwezi wathunthu, akuti imawotcha, amuna awo n'kumawanena kuti ndi matama. Zotsegulira mazenera anazichotsa okha a tcheyamani kuti ana asamatulutse kuzizira kwawo. Ineyo anandinyamula kuti mphunzitsi wamkulu, munthu wophunzira, akawachitire umboni kunyumba kuti kumbuyo kumazizira.

Kenako a tcheyamani anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zofuka utsi.

"Mwati pansi pa matiresi?"

"Inde, bwana."

"Ndiye kuti milungu yonseyi mwakhala mukuwagonera pamwamba?"

Ndinalakalaka paipi ija ikanangondimaliza.

Kundende sindinapite, ndipo pa chimenecho ndimawathokoza. Mwina anaopa kuti nkhani ikafika kubwalo, dziko lonse lidziwa kuti galimoto yawo yotchukayo imaotcha anthu. Koma teremu isanathe ndinalandira kalata yondisamutsira kusukulu ya m'mapiri a ku Dedza, ndisalinso wamkulu. Dimba langa anagawana achibale, ndipo amayi ndinkawaona kamodzi pachaka. Ku Dedzako ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri, mano akugundana m'mawa uliwonse, mwana wa kuchigwa wosadziwa n'komwe mtengo wa juzi.

Akazi anga amati phunziro lake n'lakuti munthu ukamva kutentha uzingonena kuti kwatentha, osayamba kuulula machimo. Mwina akunena zoona. Koma ine mpaka lero sindikhulupirira kuti paipi ija inathyoka yokha, ndipo m'galimoto ya munthu aliyense, ngakhale ya mwana wanga, ndikapanda kupeza malo kutsogolo ndimayenda wapansi.