Buledi woboola wa ku Durban

Anzanga, nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma popeza mkazi wanga wayamba kuifotokozera aliyense wofika pakhomo, bola muimve kwa mwiniwakene, mwina ndingachepetseko pena ndi pena.

Kwathu ndi ku Phalula koma ndinakwatira kwa Kawinga, ndipo mukudziwa kuti kumeneko mwamuna ndiwe mlendo, mkazi ndi ana ndi a kuchikazi. Nditamaliza sukulu ya madzulo ku Balaka ndinapita ku Durban, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo ndinapeza ntchito yosoka makatani. Chaka chathunthu ndili ndekha, mwana wanga Mariamu ndikumuonera pa foni basi, mano kumera ine kulibe, kuyamba kuyenda ine kulibe, mpaka tsiku lina anaona nkhope yanga pa foni n'kuthawira kumbuyo kwa mayi ake. Ndinati iyayi, ndikawatenge onse awiri.

Koma kuchotsa mkazi pamudzi pawo sikunyamula chikwama. Pafunika chilolezo cha malume ake, ndipo malume a mkazi wanga Asiyatu ndi Che Mbwana, bambo wofatsa, wanthabwala, koma amene anali atanena kale kuti akuopa kuti mwana wawo akavutika ndi njala kuchilendo. Anandipatsa tsiku: Lachisanu akatuluka mu mzikiti abwera tidzakambirane.

Zonse zikanayenda bwino ndikanatseka pakamwa Lachitatu. Tinali pansi pa mtengo wa mango ndi mlamu wanga Idrisa, amene anakhalako zaka ziwiri ku Cape Town ndipo safuna kuti wina aiwale. Anayamba kutama buledi wa kumeneko, akuti gatsibi, wotalika ngati mkono, wodzaza tchipisi ndi nyama, mmodzi kudya anthu anayi.

"Nanga Durban wanuyo ali ndi chiyani, alamu? Nyanja musanene, ifenso tinali nayo."

"Tili ndi banichawu," ndinatero. "Umadula buledi pakati, n'kukumba zam'katizo, n'kuthiramo nyama ya masala mpaka kudzaza."

"Ndiye kuti mumadyera ndiwo m'dzenje?"

"Kuposa kudya mtanda wa nyumba ngati inu!"

Tinakangana mpaka thovu kukamwa, amuna awiri aakuluakulu, za buledi. Che Mbwana anali chapafupi akukonza tcheni cha njinga yawo, ndipo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Ana inu, buledi ndi wa tiyi. Zinazo ndi njala imene inkakuvutani uko."

Mawu oti njala anandilasa. Ndinaimirira n'kulengeza kuti Lachisanu ndiphika ndine, aone okha mmene timadyera ku Durban. Anandituma ndani? Palibe.

Asiyatu anayesetsa. "Bambo a Mariamu, mlendo wa nkhani ngati iyi timamuphera nkhuku n'kumuphikira mpunga. Kodi chinthu chimenechi munachiphikapo?"

Sindinachiphikepo. Ndinkangogula pa kona ya msewu ndikaweruka. Koma ndinayankha kuti ndinkaona akuphika, zosavuta.

Buledi wake amafunika wosadula, ndiye Lachinayi pochokera kukaona mayi anga ku Phalula ndinagula awiri ku Balaka, otentha, ofewa bwino. Mu minibasi ndinawafukatira ngati khanda mpaka pa Ntaja. Pamenepo ndi pomwe wakabaza anandilanda jumbo kuti ndikhale bwino panjinga, n'kulimanga ndi mphira kutsogolo, ndipo anakoka mphirayo ngati akumanga thumba la makala. Pofika kumudzi buledi aliyense anali ndi chiuno ngati mavu. Ndinawakokakoka kuti awongoke n'kudziuza kuti mawa adzuka okha.

Lachisanu m'mawa ndinalowa m'khitchini ya apongozi anga. Mkamwini pa mafuwa! Apongozi, amene mwaulemu sitiyang'anana m'maso, anasamukira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinkamva amayi apafupi akubwera mmodzimmodzi kudzapempha moto umene ali nawo kale kwawo. Ndinakazinga nyama ya mbuzi ndi anyezi, ndinaika mbatata ya kachewere, kenako ndinatulutsa paketi ya masala, ufa wa tsabola ndi zonunkhiritsa ndiwo, imene ndinabwera nayo kuchokera ku Durban. Ndinathira theka, ndinaona ngati sizikufiira ngati za pa kona paja, ndinakhuthula yonse. Kulawa? Katswiri amalawa? Kenako ndinakumbukira kuti anthu akwathu amakonda msuzi, ndinathira madzi makapu atatu.

Apa ndi pomwe ndinaganiza mwanzeru kwambiri. Ndinati alendo asadzadikire, ndithiretu zonse ndisanapite ku mzikiti. Ndinadula buledi, ndinakumba maenje anayi, ndinadzaza nyama ndi msuzi wake wonse, ndinaimika pa lichero n'kuvundikira ndi beseni. Ku Durban amathira iwe uli pomwepo ndipo umadya nthawi yomweyo, koma zimenezi ndinazikumbukira nditakhala kale pamzere mu mzikiti. Tsiku limenelo ashehe analalika motalika, ndipo Mulungu andikhululukire, sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Mutu wonse unali pansi pa beseni.

Tinabwerera limodzi, Che Mbwana atavala mkanjo wawo woyera mbee, uja amasungira Lachisanu ndi Idi, mpango uli paphewa. Tinakhala pa mkeka pakhonde, Idrisa akumwetulira kale. Asiyatu anatisambitsa m'manja, anabwera ndi mbale, ine ndinazibweza.

"Ameneyu sadyera m'mbale. Mbale ndi buledi yemweyo."

Ndinavundukula. Buledi anali atakhala pansi ngati munthu wotopa, m'mbali mwanyowa, koma anali chiimire. Che Mbwana anamuyang'ana uku ndi uku.

"Ndiye tiyambire pati, akamwini? Kudenga kapena kumaziko?"

"Mumunyamule ndi manja awiri, malume, muyandikitse kukamwa."

Anati bisimila, n'kunyamula. Anzanga, anakwera nawo ndi makoma okha. Pansi ponse panatseguka, phwaa! Msuzi wofiira kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo, nthuli za mbuzi zili pamiyendo, mbatata imodzi inagubuduka mpaka pabwalo nkhuku n'kuithamangira. Che Mbwana anatsala atagwira buledi wopanda pansi, akundiyang'ana kudzera pabowo.

Ndinasokonezeka. Ndinatola nsalu imene inali pa mkeka n'kuyamba kuwapukuta mwamphamvu, ndipo ndikamapukuta ndi pomwe kufiira kuja kunkafalikira. Nditayang'anitsitsa, nsaluyo inali mpango wawo womwe, anali atauika pambali posamba m'manja.

"Basi, basi, akamwini, mwandichapa mokwanira."

Pofuna kundichotsa manyazi, munthu wabwino uja anatola nthuli imodzi pamwendo pake n'kuponya m'kamwa. Anatafuna kawiri. Analeka. Maso anafiira, misozi inatsika, anavula kofiya n'kuyamba kudzikupiza nayo kukamwa, akutsokomola ngati wameza utsi. Idrisa anagona chagada ndi kuseka.

"Gatsibi sanaphepo munthu, alamu! Uyu ndi mankhwala a makoswe!"

Zonsezi ndikanapirira. Koma tili mkati mothamanga ndi madzi, Mariamu anadzandira mpaka pa mkeka, anaviika chala mu msuzi n'kuika m'kamwa. Mwana amene sabata yomweyo anali atangoyamba kulola kuti ndimunyamule! Kulira kwake sindidzaiwala. Ndinamunyamula, ndinamupukuta kalilime ndi malaya anga, ndikupepesa ngati akumva, koma iye anandikankha ndi timanja take n'kutambasulira kwa mayi ake. Asiyatu anamutenga n'kulowa naye m'nyumba.

Ndinapita kukakhala kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinkadziona ndikukwera basi ndekha, chaka china pa foni, ndipo ndani akanawadzudzula? Munthu wolephera kudyetsa alendo awiri angasunge banja kudziko la eni?

Patapita nthawi Asiyatu anabwera. "Akukuitanani."

Ndinawapeza Che Mbwana atamanga chitenje cha apongozi pachifuwa ngati akupita kukasamba, mkanjo uli m'beseni, akumwa madzi pang'onopang'ono. Apongozi anali atakhala pakhomo atayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Akamwini, khalani apa. Mundiyankhe zoona, lero ndi Lachisanu. Chaka chonsechi mwakhala mukudya chimenechi?"

Ndikanatha kunena kuti cha ku Durban chimakoma, cholakwika ndi ine. Ndinangoti, "Eee, malume, masiku ambiri."

Anapukusa mutu n'kutembenukira kwa apongozi. "Achemwali, ine ndimaopa kuti Asiyatu akavutika uko. Ndinalakwa. Wovutika ndi uyu. Mwana wa eni ake atifera kuchilendo, a ku Phalula tidzawauza chiyani?" Kenako anakweza mawu. "Asiyatu! Longedza katundu, upite ukamupulumutse mwamuna wako. Ndipo ukafika, asayandikire moto."

Umu ndi momwe ndinalandirira chilolezo, anzanga. Ena amapatsidwa mkazi chifukwa cha khama, ena chifukwa cha ulemu, ine anandipatsa ngati thandizo kwa munthu wokhudzidwa ndi ngozi. Lero tili limodzi ku Durban, Mariamu anandikhululukira, ndikamafika amathamangira kukhomo, ndipo Lamulungu timapita naye kukaona mafunde. Koma ndikamva foni ya kumudzi ndimatuluka thukuta, chifukwa Che Mbwana safunsa za ntchito kapena za nyumba, amangoti, "Akamwini akunenepako?"

Ndinalumbira. Tsiku lina ndikadzakhala ndi chopempha kuchikazi, ndidzanyamula shuga ndi sopo ngati amuna anzanga onse, ndidzakhala kumapeto kwa mkeka manja ali pamaondo, ndipo chimene adzandipatse ndidzadya mwakachetechete.